Khotekhote wa Chilembo

Akuluakulu anati khotekhote ngwanjira, palinga mtima mpomwepo. Ndili mwana ndinkaumva mwambiwu ukunenedwa kwa mnyamata amene wafika pakhomo n'kuyamba kufunsa za mvula ndi za mbuzi, chonsecho aliyense akudziwa kuti wadzera mbeta. Sindinkaganiza kuti ungakhudze chinthu chosayenda ngati khoma. Koma unadzandipeza pakhoma pomwepo, ku Ndirande, chakufupi ndi Chinseu, tsiku limene azakhali anga anaitana mmisiri kuti adzalembe dzina pa kagolosale kawo.

Anali bambo wachikulire, wovala ovololo yoti mtundu wake weniweni unakwiririka kalekale ndi madontho a penti. M'jumbo yawo munali zitini zitatu, botolo la palafini, choko, chingwe ndi maburashi anayi okulunga m'kansanza. Zitinizo sanazikhudze msanga. Anayamba awoloka msewu n'kukaima pamene pamaima minibasi, manja kumbuyo, maso pakhoma.

"Mayi, makasitomala anu ambiri amadzera mbali iti?"

"Amatsika chakumtundaku, bambo, akamaweruka."

"Ndiye dzina liyambire pangodya apa. Tikaliika pakati, munthu azidzaliona atapitirira kale."

Anapaka choko pachingwe n'kundipatsa nsonga ina kuti ndigwire. Atachikunga anachikoka pakati n'kuchisiya, ndipo chinamenya khoma n'kusiyapo mzere woyera, woongoka bwinobwino. Anateronso m'munsi. Kenako anawerenga zilembo za dzinalo ndi zala. "I ndi mwana, sadya malo," anandiuza. "Koma M ndi W amakhala motambalala ngati mfumu pabwalo. Ukawagawira malo ofanana onse, dzina limatuluka la magweru."

Zodabwitsa zinabwera atayamba kupenta. Mizere ija, imene tinaivutikira awiri, sanaimvere. Chilembo choyamba chinatumphukira pamwamba pa mzere, mimba itafufuma, chachikulu kuposa zinzake zonse. Zapakati zinapendekera kutsogolo ngati anthu okwera chitunda cha Goliyo. Chomaliza, a, anachikokera mchira wautali umene unabwerera kunsi kwa dzina lonse mpaka kukafika pamene linayambira. Penti wofiira atayamba kuuma, anatenga burashi yaing'ono n'kuika mthunzi wakuda kumanzere ndi kunsi kwa chilembo chilichonse, ndipo dzinalo linachita ngati latuluka m'khoma kudzaima mumsewu.

"Nanga mizere ija inali ya chiyani, bambo, poti zilembo zikungotulukamo?"

Sanacheuke. Dzanja logwira burashi linali litatsamira pa linzake kuti lisanjenjemere. "Kuti udumphe pamafunika poponda, mwanawe. Wopanda mzere sakhotetsa, amangosochera."

Ife tinaleredwa moopa chilembo chokhota. Mu Sitandade 1 tinayamba kulemba pansi ndi chala, a e i o u, aphunzitsi akudutsa n'kumafufuta ndi phazi chilichonse chopendama. Titafika pa kope, mizere inakhala malire: b akhudze kumwamba, g atsikire kunsi, aliyense akhale pamalo pake. Mwambo umenewo ndimaulemekeza. Popanda iwo, makalata a abale athu ochokera ku Johannesburg ndi ku Harare sakanawerengeka kumudzi. Koma zilembo zoongokazo zinali ndi kwawo. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876, ndipo pofika mu 1888 inali itayamba kusindikiza kanyuzi kake ka Life and Work. Makina a masiku amenewo ankagwiritsa ntchito zilembo za mtovu zoumbidwa kutsidya kwa nyanja. Chilichonse chinali ndi kachipinda kake m'bokosi, ndipo wosanja ankatola chimodzichimodzi n'kumazindandalika chobwerera kumbuyo kuti papepala zidzatuluke bwino. Mtovu supindika ndi zala. Chimene munalibe m'bokosi, ndiye kuti kunalibe.

Motero chilankhulo chathu chinavala malaya amene anasokera munthu wina, ndipo penapake anathina. Liwu loyamba la ng'ombe ndi ng'oma linasowa chilembo chakechake, mpaka anachita kulimanga ndi n, g ndi nkhodolero. Liwu lina lofewa, lotuluka milomo itayandikana koma osagundana, analiveka kadenga pamwamba pa w. M'nthawi ya Kamuzu Banda kadenga kameneka kankaoneka pa masitampa ndi pa ndalama, pa dzina la Malaŵi. Buku Loyera la mu 1998 linakasunga. Koma mataipi ambiri analibe chilembo chimenechi, moti mlembi ankachita kuwonjezera ndi cholembera, ndipo lero pafoni n'ngochepa amene amadzivuta kukafunafuna. Azakhali anga, mbadwa ya ku Kasungu, liwu limeneli ankalitchula tsiku ndi tsiku, ndipo linali m'dzina lawo lomwe. Mmisiri wa zikwangwani vuto limenelo alibe, chifukwa burashi ilibe chilembo chosowa. Chimene khutu lamva, dzanja likhoza kuchipezera maonekedwe.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsikani minibasi tsiku lina musanafike pa siteji yanu, muyende pansi, muwerenge makoma pang'onopang'ono.

Ku Machinjiri ndinaona mayi atatsamiritsa katoni pa thumba. Pakatonipo panali mawu amodzi okha, MAKALA, olembedwa ndi khala lomwelo, akuda bii, mwina mokhuthala mwina mofumbutuka. Katundu anadzilemba yekha dzina. Ngakhale mwana amene sanayambe sukulu akanadziwa chimene chikugulitsidwa. Ku Ndirande wowotcherera wina anapinda zitsulo zotsala pa mageti n'kupanga nazo mawu oti TIMAWOTCHERERA, zilembo 14, zipsera za moto zikuonekera polumikiza paliponse. Wofuna kudziwa ngati mmisiriyo ntchito amaitha sachita kufunsa, amangogwedeza chilembo chimodzi. Womata matayala amapachika tayala lakutha pamtengo n'kulemba mozungulira ndi penti woyera, moti mawu alibe poyambira ndi pothera, wowerenga amachita kupendeketsa khosi. Pometera pena ku Zingwangwa, ma A onse awiri a TIMAMETA ndi sizasi zotsegula pang'ono, miyendo pansi, ndipo mtundu wa penti umakuuziratu ngati mwini wake ndi wa Maule kapena wa Manoma usanakhale n'komwe pampando.

Pali luso lina limene odutsa saliona. Kulemba palata si kofanana ndi kulemba pakhoma la pulasitala. Lata lili ndi mapiri ndi zigwa. Ukalemba O wozungulira bwinobwino motsata mizere yake, woima patali amaona O wofinyika, chifukwa gawo lina la penti labisala m'zigwa. Ndiye mmisiri amamutambasula dala. Ukayandikira, chilembocho chimaoneka cholakwika. Ukabwerera tsidya la msewu, chimakhala bwinobwino. Mwambi uja ndi umenewu ndithu: dzanja lakhota kuti diso lifike. Chimodzimodzi ndi kutalika kwa mawu athu. Chingerezi chimatha kutchula malonda ndi zilembo zitatu kapena zinayi, pamene ife mneni mmodzi amasenza mwini, nthawi ndi ntchito pamodzi: timatchaja, tikugulitsa, sikugulitsidwa. Khoma la okala n'lalifupi. N'chifukwa chake zilembo za m'makwalala athu n'zazitali ndi zoonda, zothithikana ngati anthu anayi pampando wa minibasi. Maonekedwe amenewo sanachokere m'buku lililonse. Anabadwa pamene Chichewa chinakumana ndi khoma lochepa.

Chichewa chilinso ndi mvekero. Sitingonena kuti chinthu n'chofiira, timati chili psuu. Choyera chili mbee. Chozizira chili zii. Mawu otere amanenedwa ndi nkhope yonse, ndipo papepala amafooka. Ndikhulupirira kuti amisiri athu amayesa kubwezera mphamvu imeneyo. Pa chiwaya cha tchipisi zilembo zimayaka malawi kumutu. Pa botolo sitolo zimasenza madzi oundana, madontho akutsikira kunsi, moti masana a mu Okutobala pakhosi pamauma ukangoziona. Pagalasi lakumbuyo la minibasi yochokera ku Bangwe kapena ku Chilomoni mawu amapendekera kutsogolo, atakoka michira kumbuyo ngati akuthamanga kuposa galimotoyo.

Zoterezi zikachitika kunja zimalowa m'mabuku a mbiri ya luso. Mu 1914 Filippo Marinetti wa ku Italy anatulutsa buku la Zang Tumb Tumb, m'mene phokoso la nkhondo analisindikiza ndi zilembo zazikulu ndi zazing'ono zomwazika papepala, zina zopendekera. Mu 1918 kunatuluka Calligrammes la Guillaume Apollinaire wa ku France, m'mene mizere ya ndakatulo ina imatsika papepala ngati mvula. Mpaka lero ophunzira za luso amaphunzitsidwa maina amenewa, ndipo n'koyenera. Chimene chimandipweteka n'chakuti wowotcherera wa ku Ndirande wayankha funso lomwelo, loti mawu angaoneke bwanji ngati chinthu chimene akunena, koma palibe amene amamutcha katswiri. Ku Kinshasa mtunda umenewu unawolokedwa. Chéri Samba anafika mumzindawo mu 1972 n'kuyamba ntchito yolemba zikwangwani. Atayamba kujambula zithunzi zakezake sanasiye mawu, ankawalemba m'zithunzi momwemo m'Chilingala ndi m'Chifalansa, ndipo mu 1989 ntchito zake zinaonetsedwa ku Paris pa chionetsero cha Magiciens de la Terre. Dzanja ndi lomwe lija la zikwangwani.

Ukaipa dziwa nyimbo. Kanyumba ka zigamba za malata, kopendama, koyandikana ndi ngalande, kalibe china chokopera munthu. Nyimbo yake ndi zilembo.

Komatu mwambi wa khotekhote uli ndi mbali yachiwiri imene okonda zokongola amaiwala. Sunena kuti kukhota n'kwabwino pakokha. Umati palinga mtima mpomwepo, kutanthauza kuti njirayo iyenera kukafika. Mu 1994 David Carson, amene ankakonza masamba a magazini ya Ray Gun ku America, anapatsidwa nkhani yocheza ndi woimba Bryan Ferry. Ataona kuti siikumukoma, anaisindikiza yonse ndi tizizindikiro ta Zapf Dingbats, tinyenyezi ndi timitanda tosawerengeka, ndipo anatchuka nazo. Mayi wogulitsa mandasi ku Nthukwa sangachite masewera otero. Chikwangwani chake chikapanda kuwerengeka, ana agona ndi njala. Ndaonapo zikwangwani zokometsera mopitirira, maluwa ndi michira ponseponse, koma munthu n'kuima osadziwa ngati pamenepo ndi pa saluni kapena pa tchalitchi. Chimenecho ndi chikomekome cha mkuyu. Ndaonanso pamene wolemba sanawerenge zilembo ndi zala, khoma n'kumuthera, zomalizira n'kumachepa mpaka chotsiriza kukwera pamsana pa chinzake. Kumeneko ndiye kusochera kumene bambo aja ankanena. Luso la kuno ndimalilemekeza chifukwa limayesa zachilendo njala ikuyang'ana.

Chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chojambula chikwangwani chimene chasokoneza l ndi r m'mawu a Chingerezi, n'kuchiponya pa Facebook kuti anthu aseke. M'kamwa mwa Mchewa l ndi r ndi liwu limodzi. Lamulo la kalembedwe ndi limene limati tilembe r pambuyo pa e ndi i. Mmisiri analemba mokhulupirika chimene khutu lake linamva. Woseka uja apatsidwe burashi ndi lata, ayese kukoka S mmodzi yekha penti asanayenderere.

Njira yokhota kuposa zonse inayendedwa ndi munthu amene anakhala zaka zambiri akuphunzitsa Chifalansa mu Blantyre muno. Nolence Mwangwego anabadwa mu 1951 ku Zambia, kwawo kwenikweni ndi ku Karonga. Atapita ku Paris mu 1977 anaona kuti mitundu ina ya anthu ili ndi zilembo zawozawo. Anadzifunsa kuti, ngati Chichewa chili ndi mawu oti kulemba, ndipo Chinkhonde chili ndi kusimba, mawu amenewa makolo athu ankatchulira chiyani azungu asanabwere? Mu 1979 anayamba kupanga zilembo zatsopano, ndipo anazionetsa poyera mu Epulo 1997, patapita zaka 18. Maziko ake ndi zizindikiro 32 zotchedwa misisi. Chilichonse ndi phatikizo lathunthu lothera ndi a, monga ba, cha, da. Ukawonjezera kachizindikiro kamodzi, a uja amasanduka e, i, o kapena u. Palinso mituyo, imene imasenza maliwu ena, monga a m'mphuno. Aliyense amene anaimbapo ba be bi bo bu pansi pa mtengo aona kuti nzeru imeneyi si yachilendo. Ife timawerenga ndi maphatikizo kuyambira kale. Mwangwego anangopatsa phatikizo lililonse nkhope imodzi.

Funso lake lija limandikhalabe m'mutu. Kulemba kunalipo pepala lisanafike. Woumba mbiya ankalemba pakhosi pa mbiya ndi kamtengo dongo lisanaume. Mphini zinkauza anthu kwawo kwa munthu. M'mapanga a Chongoni ku Dedza, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli malo 127 a zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zina zokhudza chinamwali ndi gule. Ndipo Mwangwego sali yekha mu Africa. Avai a ku Liberia anapanga zilembo zawo cha m'ma 1830, Mfumu Njoya ya Abamum ku Cameroon inapanga zake cha mu 1896, ndipo Solomana Kante anapanga N'Ko mu 1949. Saki Mafundikwa wa ku Harare anasonkhanitsa zambiri zotere m'buku lake la Afrikan Alphabets mu 2004. Zilembo za Mwangwego sizinalowe m'maphunziro a ana a sukulu za boma, ndipo njira yake ikadali kutali. Ine ndimaganiza kuti chilembo chimayamba kukhala ndi moyo tsiku limene munthu wachilemba pakhoma kuti agulitse tomato. Ndimalakalaka nditadzaona misisi itapentedwa mofiira pa okala ya ku Bangwe, ili ndi mthunzi wake wakuda, ana akulozerana n'kumafunsa kuti pamenepo akuti chiyani.

Koma makomawo akusintha. Lero munthu amapita ku Limbe kapena m'tauni, mnyamata wa pa kompyuta n'kumusankhira zilembo, makina n'kupulinta bena yapulasitiki tsiku lomwelo. Anyamata amenewa ndi athu, ena ndi aluso kwambiri, ndipo nawonso akufuna kudya. Vuto n'lakuti onse amatunga pa chitsime chimodzi. Zilembo za pa saluni ya ku Chilomoni ndi zomwezo za pa saluni ya ku Lusaka ndi ku London. Tabwereranso ku bokosi la mtovu lija, kungoti tsopano lili m'kompyuta. Ndikanakonda mmodzi wa iwo atatenga foni n'kuyenda kuchokera ku Makata mpaka ku Malabada akujambula A aliyense ndi M aliyense wa pamanja, n'kukaumba nazo zilembo za pa kompyuta zoonda ndi zazitali, zodziwa kusenza mawu a zilembo 14, zokhala ndi kadenga ka ŵ ndi nkhodolero yooneka bwino. Ndikanakondanso nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri itasunga lata limodzi lokha la wometa, lisanadyedwe ndi dzimbiri.

Khoma la azakhali linakhala ndi dzina lija zaka zingapo. Kenako kunabwera anthu a kampani ina n'kunena kuti apenta nyumba yonse ulere, bola ikhale ya mtundu wawo. Ndinawadandaulira azakhali kuti asalole.

"Mwana wa achimwene anga, penti ukuudziwa mtengo wake? Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Ankanena zoona, ndipo sindinawatsutse. Khoma linali litayamba kusuluka, ndalama yopentera panalibe. Tsiku limodzi lokha linakwana. Mchira wautali uja unakwiririka, ndipo dzina la golosale linabwerera pakangodya, laling'ono, lopopera pa pepala loboola, lofanana ndi la sitolo yoyandikana nayo ndi ya kutsogolo kwake.

Azakhali atamwalira, kalipentala anatikhomera mtanda, ndipo ine ndinaunyamula kukafuna bambo olemba zikwangwani aja. Ndinawapeza atakhala pakhonde, magalasi atawamanga ndi ulusi. Anauika mtandawo pamiyendo, napaka penti wakuda, ndipo utauma anatenga rula n'kujambula mizere iwiri. Ulendo uno anaimvera. Zilembo zoyera zinaima chilili, zofanana msinkhu, zopanda mthunzi, zopanda mchira.

"Apa sitiitana munthu, mwanawe," anatero. "Wobwera pano amabwera yekha."

Atalemba chaka chobadwa ndi chaka chomwalira, anaika burashi pakamwa pa chitini n'kuyang'anitsitsa dzinalo kwa kanthawi.

"Kodi mayi aja dzinali ankalitchula bwanji eni ake?"

Ndinalitchula monga ankalitchulira azakhali, mwa ku Kasungu. Iwo analibwereza chapansipansi kawiri, milomo itayandikana koma osagundana. Pa chiphaso cha azakhali, pa buku la kuchipatala, pa khadi la ku mpingo, ponseponse linkalembedwa ndi w wamba. Bambo aja anafunafuna m'kansanza burashi yaing'ono kuposa zonse, naiviika nsonga yokha mu penti woyera. Anatsamiritsa dzanja pa linzake, n'kuika kadenga pamwamba pa w.